Nkhope ya Magdalena

Lastone Nkhoma anali ndi khadi limodzi lomwe analisunga zaka makumi anayi ndi mphambu zisanu ndi ziwiri m'chitini chakale, pamodzi ndi regi, chitupa chake cha boma, ndi kalata yaubatizo. Anampatsa ndi Bulaza Anselimu, Mjeremani wa ku mishoni amene anamphunzitsa kumanga, tsiku lomwe ankabwerera kwawo. Bulaza sananene zambiri. Anangoti ndi tchalitchi cha m'mudzi mwawo, n'kukwera galimoto.

Khadilo linali ndi zithunzi ziwiri. Chapamwamba chinali tchalitchicho, ndipo Lastone ankachiyang'ana ndi maso a mmisiri. Makoma ake anali a miyala yosasema, yongotola m'minda, ngati ija imagubuduka m'mapiri a kumtunda kwa Kafue. Kukhuthala kwake ankakuonera pa mawindo, omwe anali ang'ono ngati mng'alu koma olowa m'kati moti munthu akhoza kugonamo. Khomo linali lopindika pamwamba ngati uta. Nsanja inali yaifupi, yonenepa, yopanda khomo lakunja, yomangidwa ndi anthu oopa anansi awo, ndipo Lastone sankawaona ngati olakwa. Mbali ya kuguwa inali yowonjezera pambuyo pake, ya mawindo aatali osongoka. Pokumana khoma lakale ndi latsopano panali mzera woonekeratu kuchokera pansi mpaka kudenga. Mzera umenewo unkamsangalatsa. Ngakhale kwa Ajeremani, chatsopano sichigwirana bwino ndi chakale.

Chithunzi cham'munsi chinali cha m'kati. Mwala waukulu unaimikidwa kukhoma, ndipo pamwalapo anasemapo anthu awiri, mwini mudzi wa kalelo ndi mkazi wake. Mwamunayo anavala zachitsulo, lupanga m'chiuno, chishango pambali, mkango kunsi kwa mapazi. Mkaziyo anali ndi diresi lalitali la mapindo, manja atawaphatikiza pachifuwa, kagalu kumapazi, mtsamiro kumbuyo kwa mutu. M'mphepete monse munali zilembo zosawerengeka. Koma nkhope panalibe. Malo a maso, mphuno ndi milomo anali osalala ngati sopo wotha.

Lastone sanafunse chifukwa chake. Masiku amenewo wophunzira ntchito sankafunsa mafunso, ndipo Bulaza anali atapita kale. Yankho analipeza yekha. Anaganiza kuti Ajeremani akale anali ndi ulemu: wakufa samamuika nkhope. Nkhope ndi ya amoyo, yopusitsira anthu pamsika ndi yoonetsa kupolisi. Pa zonse zimene zinachokera ku Ulaya, ichi chokha ndiye ankachiona kuti n'chanzeru.

Mkazi wake Magdalena anamwalira m'Ogasiti chaka chatha, atagulitsa nsomba zaka makumi atatu m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka. Tsopano inali nthawi ya chiliza. Mwana wawo Rabecca, amene ankakwera basi m'mawa uliwonse kupita kuntchito ku Lusaka ndipo anali atasiya Chikatolika n'kulowa tchalitchi cha magitala, ankafuna mwala wakuda wonyezimira wokhala ndi chithunzi. Lastone anali ataiona miyala imeneyo kumanda, itandandalika ngati mafiriji m'sitolo. Dzuwa likawomba zaka ziwiri, chithunzi chija chimasanduka chobiriwira, wakufayo n'kumaoneka ngati wadwala kachiwiri.

Iye ankafuna kuumba chiliza ndi manja ake. Anamanga makoma a anthu moyo wake wonse, ku mafakitale ndi m'makomboni, ndipo panalibe khoma ndi limodzi lomwe lotchedwa lake. Koma mawu omaliza sanali ake. Makolo a Magdalena anachokera ku Dedza, ndipo kumeneko manda a mkazi amalamula ndi abale ake, mwamuna ndi mlendo chabe. Wolamula anali Hamilton, mlongo wake wa malemu, amene anapuma ntchito ya ukalaliki kunjanji ndipo ankayendabe ndi cholembera m'thumba la malaya.

"Pangani, alamu," anatero Hamilton. "Chiliza tivundukula Loweruka lomaliza la Seputembala. Lachiwiri la sabata imeneyo tidzabwera kudzaona. Chikadzatikanika, ogulitsa miyala a ku Lusaka aja akuti masiku atatu amabweretsa."

Lastone anamva bwino lomwe kuti mwala wa ku Lusaka unali utasankhidwa kale m'mitima mwawo. Anangoti zikomo.

Anagwira ntchitoyo kuseri kwa nyumba yake ku Estates, m'tauni ya Kafue, milungu itatu. Anakhoma bokosi la matabwa, nayalamo waya, nathira konkire. Konkireyo isanaume anayamba kuumba munthu pamwamba pake ndi simenti ya mchenga wosefa, chifukwa chonyowa chimagwira pa chonyowa chinzake. Anaumba duku, bulauzi, chitenje ndi mapindo ake mpaka m'akakolo. Manja anawaphatikiza, nakulungapo kolona. Mtsamiro anauika monga pakhadi, ngakhale sankadziwa kuti munthu woimirira amaufuniranji. Galu yekha anamukana. Magdalena ankagenda galu aliyense woyandikira nsomba zake, ndipo sakanalola kugona ndi galu kumapazi mpaka tsiku lachiweruzo. M'malo mwake Lastone anaumba beseni, ndi nsomba zitatu m'menemo. Mapazi sanamvute. Chala chachikulu chakumanzere chinali chokhota, ndipo anachikhotetsa. Nkhope anaisalaza ndi chikhatho chonyowa mpaka inachita kuwala. Kenako anafunditsa zonse masaka, namathirira m'mawa ndi madzulo.

Lachiwiri lija anabwera cha m'ma folo koloko, Hamilton ndi Rabecca. Lastone anachotsa masaka limodzilimodzi kuyambira kumapazi.

"Aa, beseni!" anatero Hamilton, akuseka. "Ndi lomwe lija lopindika mkombero. Alamu, nsombazi mukugulitsa bwanji?"

Rabecca sanaseke. Anagwada nakhudza chala chokhota chija. Lastone anachotsa saka lomaliza.

Kutali sitima ya katundu inali kudutsa.

"Adadi, simunasilize?" anafunsa Rabecca m'Chinyanja chake cha m'tauni.

"Ndamaliza."

"Manje nkhope ili kuti?"

"Ndi mmene amachitira."

"Bandani?"

"Anthu odziwa."

Hamilton anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso. "Alamu, ine ndikuona dzungu lavala duku. Anthu akuchokera ku Dedza, ena ku Chipata. Adzati mlongo wathu munamuchita chiyani? Mukuwadziwa anthu pakamwa. Adzati nkhopeyo munaitengera kwa sing'anga."

"Adzanena ndithu. Ananena kale pamaliro."

Lastone analowa m'nyumba natenga chitini chija. Khadilo anali asanalionetsepo munthu, ngakhale Magdalena. Analigwira m'mphepete, osalipereka, koma Rabecca analitenga basi.

"Taonani," anatero Lastone. "Awa si anthu wamba. Ndi eni mudzi, anaikidwa m'tchalitchi mwenimweni. Mwala uwu wakhala zaka mazanamazana. Alipo wa nkhope apa?"

Hamilton anayang'ana nthawi yaitali. Ankalemekeza chilichonse chosindikizidwa. "Zoona, alibe," anatero monyinyirika.

Rabecca anatembenuza khadilo. Kumbuyo kunali timalemba ta Chijeremani, dzina la mudzi ndi la tchalitchi. Anatulutsa foni nayamba kulemba. Lastone ankadana nacho chinthu chimenecho. Chinkadziwa zonse, koma chinali chisanagwirepo njerwa.

"Ni ichi apa," anatero Rabecca. "Tchalitchi chamene ichi. Imani, foni imasulire." Anawerenga mwakachetechete, milomo ikuyenda, kenako anayang'ana bambo ake. "Adadi, mwala uyu sunali ku khoma. Unali pansi, pasogolo pa guwa, pamwamba pa manda yao. Banthu benze kupondapo poyenda kukalandira. Zaka mahandiredi anayi. Nkhope zinasila na nsapato. Pamene banaona kuti zasila, ndiye banaunyamula kuuimika ku khoma."

"Bodza."

"Nanga pilo? Munthu oimilila afuna pilo ya chani? Benze gone, adadi. Onani aba benangu."

Anamuonetsa chithunzi china cha m'tchalitchi momwemo, pakona pomwe khadi lake silinafike. Panali manda okwera ngati tebulo, ndipo pamwamba pake panagona munthu wina wa zovala zachitsulo. Ameneyu palibe anamponda. Anali ndi mphuno yaitali, ndevu zopotana, zikope, ngakhale makwinya a pachipumi.

Lastone anayang'ana chithunzicho, nayang'ananso khadi lake. Tsopano anaona zimene anayenera kuziona kalekale. Mawondo a mwamuna uja anali osalala, nsonga za zala za mkazi uja zinali zosalala, mphuno ya kagalu inali yosalala. Chilichonse chotumphuka chinali chitatha, chilichonse cholowa m'kati chinali chakuthwa. Masitepe a kufakitale ankatha chimodzimodzi. Mmisiri aliyense akanadziwa.

Hamilton anatsokomola. "Ndiye kuti mwakopera kutha kwa nsapato, alamu." Anafuna kuseka koma anadziletsa. "Ntchito ndi yabwino, sindikana. Beseni lija landigwira mtima. Koma mlongo wanga sapita pagulu opanda nkhope. Mawa madzulo ndibweranso. Ikakhalapo nkhope, chiliza ndi chimenechi. Ikapanda kukhalapo, Rabecca aimba foni ku Lusaka."

Atapita, Lastone anakhala pa ndowa yovundikira mpaka dzuwa linalowa kuseri kwa machumuni a ku Industrial. Sanakwiyire Bulaza, amene sananame chilichonse. Anakwiyira foni, ndi Hamilton, ndi anthu a ku Jeremani oponda akufa awo popita kukalandira Ukaristia. Ndipo anapeza nzeru. Simenti ya chilizacho inali itauma milungu iwiri. Akangomata nkhope pamwamba posalalapo, osagoba, osamanga waya, idzaoneka bwino Loweruka. Idzapirira mvula ya chaka chino, mwina ndi ya chaka chamawa. Kenako madzi adzalowa pamzera, nkhopeyo idzasomphoka yonse ngati chikhokho cha mumphika, ndipo chiliza chidzatsala monga anachifunira. A ku Dedza adzakhala atabwerera kalekale. Adzanena kuti ndi simenti ya masiku ano.

M'mawa anasefa mchenga, nakanda simenti pang'ono pa lata, nagwada kumutu kwa chilizacho. Anatapa simenti ndi chipande chomangira, naima.

Sanadziwe poyambira. Mapazi ankawadziwa, manja ankawadziwa, msana wake akuwerama pa mbaula ankaudziwa. Mawu ake akanatha kuwabwereza onse, makamaka aukali. Koma mphuno inali yotani? Milomo inkathera pati? Anatseka maso, naona duku ndi ndolo, pakati pake palibe kanthu. Analowa m'nyumba natenga regi ya malemu. Panali kamtsikana ka zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, kamantha, chidindo chitadutsa patsaya. Sanali mkazi amene anakhala naye zaka makumi anayi.

Atatuluka anapeza Rabecca ataima pafupi ndi chilizacho, atavala zakuntchito, chikwama paphewa.

"Basi yakusiya?" anafunsa Lastone.

"Napempha ofu."

"Kudzandilondera."

"Ee."

Lastone anagwadanso. Simenti ya pa lata inali itayamba kulimba, anaithira timadzi. Anatapa, naika chibuma choyamba pa nkhope yosalala ija, nayamba kuchifanthaza ndi chala chachikulu.

"Adadi."

"N'chiyani?"

"Simunagobe."

Lastone anapitiriza kufanthaza.

"Simunagobe, simunamange waya, na madzi simunathile. Ine nakulila pa nyumba ino. Kangati munatukwana banthu ba ku Shimabala pa nkhani yamene iyi, ati pulasitala yao izagwa na mvula imodzi? Mwaibala, olo mwachitila dala?"

"Ukufuna kundiphunzitsa ntchito, iwe?"

"Nifunsa chabe."

"Amalume ako akufuna nkhope ya Loweruka. Ndikuwapatsa ya Loweruka."

"Ine nifuna ya bamami." Anaika chikwama pansi. "Mukamata so, niuza ba malume lelo lamene, na foni niimba. Chiliza chanu chizankala kuno kumbuyo, nkhuku zizigonapo."

Sananene mokweza. Amayi ake akanakuwa mpaka anthu a nyumba yachitatu kutuluka. Koma chibwano anachikweza chimodzimodzi, ndipo mphuno zinatukuka chimodzimodzi. Lastone anamuyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene anamuyang'anirapo chibadwire.

Anapala chibuma chija nachibwezera pa lata. Anatenga tchizulo ndi hamala. Anaika nsonga ya tchizulo pakati penipeni pa malo osalala aja, pomwe anapasisita ndi chikhatho mpaka kuwala, namenya. Simenti inali yabwino, inakana. Anamenyanso. Anagoba mpaka waya wa m'kati unaonekera, namangirira timawaya tina topindika, totuluka kunja ngati mizu. Anatsuka fumbi lonse, nathira madzi mpaka konkire inaleka kumwa, napaka phala la simenti lamadzimadzi. Simenti yoyamba ija anaitaya, nakanda ina.

"Khala apo," anatero, akuloza ndowa. "Ayi, tembenukira kudzuwa. Vula magalasiwo. Tsitsi logulalo likankhire kumbuyo."

"Ni wigi, adadi."

"Ndaona kuti si lako."

Rabecca anakhala. Lastone ankayang'ana, n'kuumba, n'kuyang'ananso. Chipande chinali chachikulu, anatenga supuni ya tiyi ndi msomali. Chipumi chinabwera msanga. Masaya anawaonjezera, chifukwa Magdalena anali wonenepa kuposa mwana wake. Maso anawatseka.

"Bamami benze na kachipsera apa," anatero Rabecca, akukhudza pamwamba pa nsidze yakumanzere.

"Usagwedezeke."

"Munaibala?"

"Chitseko cha basi ya ku Mazabuka. Iwe unali kumsana." Lastone anali ataiwala. Chinabwera pomwe Rabecca anachitchula, pamodzi ndi magazi pa bulauzi yachikasu ndi mmene Magdalena anatukwanira kondakitala. Anatenga msomali nalemba kamzera kakang'ono.

Pakamwa panamvuta. Anapaumba katatu. Koyamba panaoneka ngati pakumwetulira, ndipo onse awiri anagwirizana kuti si iyeyo. Kachiwiri panaoneka ngati pakulira. Kachitatu anangopatseka, milomo yothinana pang'ono, ngati munthu amene wamva mtengo umene wogula watchula ndipo akudikira kuti achite manyazi yekha.

"Apo," anatero Rabecca. "Musagwilenso."

Inali itakwana thwelofu. Khosi la Rabecca linali litauma, mawondo a Lastone osatambasuka. Anafunditsa nkhopeyo kansalu konyowa. Rabecca analowa m'nyumba kukaphika nshima, ndipo anadya limodzi.

Hamilton anabwera madzulo monga ananenera. Anavundukula kansaluko yekha, nawerama, manja kumbuyo.

"Mphuno mwakulitsa," anatero.

"Ndi ya kwanu."

"Komanso akufanana ndi Rabecca."

"Anamubala ndi iyeyo."

Hamilton anayang'anabe. Anatulutsa kampango napukuta magalasi, nachedwa nawo kuposa masiku onse. "Akuoneka ngati akufuna kundikalipira," anatero potsiriza. "Chabwino. Ndipeza anthu asanu ndi mmodzi ndi lole. Lachisanu m'mawa."

"Lachisanu madzulo. Nkhope isanakwanitse masiku awiri siyenda. Ndipo agoneke pa matayala, asaimike. Anapangidwa kuti agone."

Loweruka anthu anabwera ambiri. Wansembe anawaza madzi, a tchalitchi cha Rabecca anaimba nyimbo zawo mokweza kuposa mmene panafunikira, ndipo nsalu itachotsedwa amayi ena a kumsika anaseka ataona beseni, kenako analira. A ku Dedza ananong'onezana. Mmodzi anafunsa ngati mwalawo unagulidwa ku Lusaka, ndipo Hamilton anayankha kuti ndi pulani ya ku Jeremani, ngati kuti anaitanitsa ndi iyeyo.

Lastone sanamvere zolankhula. Anaima kumbuyo, akuyang'ana mapazi a anthu. Manda a pamenepo ndi othinana, njira palibe, ndipo aliyense wofuna kuona bwino ankaponda pomwe wapeza. Anaona nsapato yosongoka ya mayi wina itaponda pa chiliza cha munthu wa pafupi, pa dzina penipeni. Anaona mlaliki wina ataimirira pa manda a mwana kuti ajambule ndi foni. Palibe ndi mmodzi yemwe anayang'ana pansi.

Lolemba m'mawa anabwereka wilibala, naikamo njerwa, theka la thumba la simenti ndi chigubu cha madzi. Anakankha yekha mpaka kumanda, akupuma kawiri panjira. Anakumba kamzera kuzungulira chiliza cha Magdalena, namanga kakhoma ka mizera inayi, kofika m'mawondo, kopanda polowera. Pamwamba pake anaumba nsonga yakuthwa kuti munthu asakhalepo ngakhale kupondapo. Sanapemphe chilolezo kwa Hamilton.

Atamaliza anathira madzi otsala pa nkhope ija, chifukwa simenti inali ikadali yanthete ndipo dzuwa la Seputembala silimvera chisoni. Anayendetsa chala m'mphepete mwa chibwano, pomwe chatsopano chinakumana ndi chakale. Mzera unalipo, wochepa ngati ulusi. Anaugogoda ndi chikhadabo namvetsera. Sunalire ngati m'kati muli mphako.

Anatsuka chipande, naika zonse mu wilibala, nabwerera kunyumba. Khadi lija analipeza pawindo pomwe Rabecca analisiya, dzuwa litalipinda pang'ono. Analiwongola pabondo, nalibwezera m'chitini, pansi pa regi ya Magdalena.